Matayala a Michelin Pilot Alpin 5 pa BMW 335i: ndemanga yanga patatha nyengo zinayi za chisanu ku Scotland

Ndimakhala ku Perth ndipo ntchito yanga ndi yosamalira odwala m'makomo mwawo. Ntchito imeneyi sifunsa kuti kunja kwacha bwanji. Agogo amene akudikira jakisoni wa shuga ku Alyth kapena ku Kirkmichael ayenera kuwabaya m'mawa womwewo, kaya kukugwa sinowo kaya ayi. N'chifukwa chake nkhani ya matayala sindiyitenga mwachibwana, ndipo ndikulembera makamaka inu abale anga amene mwangofika kumene kuno n'kugula galimoto yokoka ndi magudumu akumbuyo chifukwa mtengo wake unakukomerani pa intaneti.

Yanga ndi BMW 335i ya 2013, injini ya malita 3, masilinda 6, mphamvu ya mahatchi 306, yosintha yokha magiya. Mphamvu yonseyo imatsikira pa magudumu awiri akumbuyo basi. Msewu ukakhala wouma, galimotoyi imamvera ngati mwana waulemu, ndipo sindinaidandaulepo. Ndinaigula ili ndi matayala a nyengo yotentha, akumbuyo otambalala kuposa akutsogolo, ndipo nthawi imeneyo sindinkadziwa n'komwe kuti matayala amasiyana malinga ndi nyengo. Kwathu tayala ndi tayala, bola likhale ndi mano.

Ndinadziwira pa 28 February 2018, tsiku limene a zanyengo a Met Office anatulutsa chenjezo lofiira, la nyengo yoopsa kwambiri, chapakati pa Scotland, nthawi ya mphepo ija anaitcha Beast from the East. Usiku wa tsiku limenelo magalimoto mazanamazana anagona pa msewu wa M80 pakati pa Glasgow ndi Stirling. Ine sindinafike n'komwe pa msewu waukulu. Msewu wa kunyumba kwathu uli ndi kachitunda kakang'ono, koti mwana amakwera pa njinga osaimirira. Ndinaponda moto pang'ono, kanyali kachikasu ka pa dashibodi, kochenjeza kuti magudumu akuterereka, kanayamba kuphethira, magudumu akumbuyo n'kumangozungulira pamodzimodzi. Nditaonjezera moto, mbuyo ya galimoto inayamba kuyenda chammbali, pang'onopang'ono, kulunjika pa vani ya munthu imene inaimikidwa m'mphepete. Ndinaponda buleki, koma inapitirirabe kutsetsereka mpaka gudumu linagunda mwala wa m'mphepete mwa msewu. Panatsala mpata wongokwana chikhatho kuti ndiphwanye vani ija. Ndili chiimire choncho, mtsikana wina anadutsa pa kagalimoto kakang'ono kokoka ndi kutsogolo, n'kukwera kachitundako bwinobwino.

Bambo wina wachikulire woyandikana nafe nyumba anatuluka ndi fosholo ndi kapeti wakale. Tisanayambe kukumba, anagwada pa tayala lakumbuyo, anavula golovesi, n'kundiuza kuti ndidinikize chala pa mphira. Unali gwa, ngati chidebe cha pulasitiki. Anandifotokozera kuti mphira wa matayala a nyengo yotentha umauma kukazizira, ndipo ukauma sugwiranso msewu, ngakhale mano ake akhale atsopano. Tsiku limenelo ulendo wanga anautenga mnzanga wa kuntchito, ndipo mayi wina analandira mankhwala ake mochedwa ndi maola atatu. Zimenezi zinandipweteka kuposa mantha a vani aja.

Ndinakumbukira pikapu ya amalume ku Phalombe. Mvula ikagwa pa dothi la makande, pikapu yopanda katundu inkangopalasa matope n'kumagwedeza mbuyo, koma akaikamo matumba asanu a chimanga inkatuluka. Chifukwa chake ndi chimodzimodzi: gudumu limene likukankha galimoto limafuna kulemera pamwamba pake. Kagalimoto ka mtsikana uja injini yake inakhala pamwamba penipeni pa magudumu okoka. Yanga kulemera kwake kunagawidwa pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, zimene zimathandiza pokhota pouma, koma pa sinowo magudumu akumbuyo amalandira mphamvu yochuluka kuposa imene angathe kuitsitsira pansi. Kusiyana kwake n'kwakuti matope umawaona ukadali patali.

Chaka chotsatira ndinazengereza chifukwa cha ndalama, ndipo masiku oipa ndinkabwereka galimoto ya mayi a kunyumba. Mu November 2019 ndi pamene ndinagula Michelin Pilot Alpin 5 anayi, saizi 225/45 R18 kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndinasankha dala ocheperako m'lifupi kumbuyo, chifukwa tayala lotambalala limayandama pamwamba pa sinowo pomwe lopyapyala limaloweramo n'kuluma. Ndinalipira pafupifupi mapaundi 700, kuphatikizapo kuika, ndi ena pafupifupi 300 pa marimu ogwiritsidwapo kale ntchito. Marimu achiwiriwa ndikukulimbikitsani kwambiri: simuvutika kuvula ndi kuveka matayala kawiri pachaka, mumangosintha magudumu, ndipo marimu anu abwino sadyedwa ndi mchere umene amawaza m'misewu.

Apa ndichenjezepo. Galaja ina imene ndinayamba kufunsako mtengo inandiuza kuti ndingogula awiri akumbuyo, poti ndiwo amakoka. Musavomere malangizo amenewa, ngakhale thumba lithine bwanji. Matayala akumbuyo amakuyendetsani, koma akutsogolo ndi amene amakhotetsa galimoto ndipo ndi amene amagwira ntchito yaikulu mukaponda buleki. Mukaika awiri okha kumbuyo mudzanyamuka bwino, mtima n'kukhala m'malo, kenako pa kona yoyamba mudzakhotetsa chiwongolero galimoto n'kumangopita kutsogolo. Kuli bwino kulephera kunyamuka pakhomo kusiyana ndi kulephera kuima pamphambano. Ndinachoka pa galaja imeneyo osagula kanthu.

Tayalalo ukaliyang'ana pafupi, dzino lililonse lili ndi timing'alu tambirimbiri tokhotakhota, topyapyala ngati tochekedwa ndi lezala. Tayala likamagudubuzika timing'aluti timatseguka n'kugwira sinowo, ndipo sinowo wotsakamira m'tayala amamatirira pa sinowo wa pamsewu, monga momwe ana amaumbira mpira wa sinowo m'manja. Mphira wake umakhalabe wofewa kukazizira. Ndinayesanso ndi chala m'mawa wina wa chisanu choopsa, unkadinikizika. M'mbali mwake muli chizindikiro cha phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kanyenyezi ka sinowo mkati. Chimenecho ndiye muziyang'ana pogula, chifukwa chimasonyeza kuti tayalalo linayesedwa pa sinowo. Zilembo za M+S (kutanthauza matope ndi sinowo) zimene zimalembedwa pa matayala ena, pazokha sizitsimikizira zimenezo. Ku Britain palibe lamulo lokakamiza matayala a chisanu, koma ngati mumawoloka kupita ku Germany, kumeneko lamulo limawafuna msewu ukakhala ndi sinowo kapena ayezi.

Mayeso enieni anafika mu February 2021, sabata imene ku Braemar kunazizira mpaka madigiri 23 pansi pa ziro, kuzizira kumene kunali kusanachitikenso ku Britain chiyambire 1995. Ndinanyamuka 6 koloko m'mawa, mdima uli bii. Kachitunda kaja ndinakwera kanyali kachikasu kataphethira kamodzi kokha. Msewu wa A93 wopita ku Blairgowrie anali atauwaza mchere, koma nditapatukira m'timisewu ta m'mafamu ndinapeza sinowo woti sanapondedwepo, wofika m'kakolo. Pansi pa galimoto pankamveka kaphokoso kofewa, ngati munthu akuponda pa ufa, ndipo chiwongolero chinali ndi kulemera kwake, kundiuza kuti matayala akutsogolo agwira. Pa geti la famu ina panatulukira nkhosa ziwiri. Ndinkayenda mamailosi 20 pa ola. Ndinaponda buleki mwamphamvu, pedulo inanjenjemera pansi pa phazi pamene ABS, chipangizo choletsa magudumu kumangika poponda buleki, inkagwira ntchito, galimoto inaima mowongoka, nkhosa n'kuwoloka. Pamenepo ndi pamene ndinakhutira kuti ndalama zanga sizinalowe m'madzi. Anthu ambiri amafunsa ngati matayalawa amathandiza kukwera chitunda. Amathandiza ndithu, koma phindu lawo lalikulu ndi kuima.

Ngakhale zili choncho, tayala silisintha phazi la munthu. Galimoto ya mphamvu chonchi imafuna kuiyendetsa ngati wanyamula lichero la mazira pampando wakumbuyo. Ine ndimaika pa Eco Pro, kayendedwe kosunga mafuta kamene umasankha ndi batani, chifukwa pamenepo pedulo ya moto siyankha mwaukali. Ponyamuka poterera ndimasankha ndekha giya yachiwiri, kuti magudumu asalandire mphamvu yonse nthawi imodzi. Sinowo akakhala wakuya ndipo kompyuta ya galimoto ikungodula moto mpaka kulephera kusuntha, ndimadina kamodzi batani loyatsa DTC, limene limalola magudumu kuzungulira pang'ono n'kudzikumbira njira. Ndikangotuluka ndimabwezeretsa momwe zinalili. Kulidina nthawi yaitali kumazimitsiratu chitetezo chonse cha DSC, choletsa galimoto kutsetsereka, ndipo zimenezo sindichita pamsewu wa anthu.

Chimene chinanditengera nthawi kuti ndichimvetse ndi kutsika. Tinaphunzitsidwa kuti pamtsetse uzitsitsa giya kuti injini ikugwirire galimoto. Ndi zoona, koma pa galimoto yokoka ndi kumbuyo injiniyo imagwira magudumu akumbuyo okha. Tsiku lina ndikutsikira ku Bridge of Cally ndinatsitsa magiya awiri motsatizana ndili kale pakati pa mtsetse, ndipo ndinamva mbuyo ikupepuka n'kuyamba kutembenuka. Ndinayang'ana kumene ndinkafuna kupita, manja anatsatira maso, galimoto inabwerera mumzere. Thukuta linatuluka m'manja ngakhale kunja kunali chisanu. Chiyambire tsiku limenelo ndimachepetsa liwiro ndi kusankha giya ndisanafike pamtsetse, ndikadali pamalo athyathyathya. Pa kona ndi chimodzimodzi: buleki isanafike kona, moto pokhapokha chiwongolero chikayamba kuwongoka.

Pali zinthu ziwiri zimene matayalawa sangakuchitireni. Choyamba ndi ayezi wosaoneka uja, amene kuno amati black ice. Msewu umangooneka wonyowa, makamaka pamilatho ndi m'mithunzi ya mitengo, ndipo chizindikiro chimodzi n'chakuti phokoso la matayala limangoti zii. Pamenepo amagwirako kuposa a nyengo yotentha, koma pang'ono zedi. Buku la malamulo a pamsewu la Highway Code limanena kuti pa sinowo ndi ayezi mtunda woimira ukhoza kutalika kakhumi kuposa pouma, ndipo ine ndimasiya mpata waukulu ngati kuti ndilibe matayala a chisanu. Chachiwiri ndi kufupika kwa galimoto. Sinowo akapitirira bampala, imayamba kumukankha ngati khasu mpaka mimba yake kukhala pamwamba, magudumu n'kupepukidwa. Masiku otero ndimaimbira foni kuofesi kuti atumize mnzanga wa galimoto yaitali yokoka ndi magudumu onse anayi. Ndipo akatseka mageti a sinowo ku Spittal of Glenshee, palibe tayala limene limakupatsa chilolezo chodutsa.

Masiku ambiri a chisanu kuno si a sinowo ayi, ndi a mvula yozizira, madigiri 2 kapena 4, msewu uli chinyezi chokhachokha. Apa ndi pamene matayalawa anandidabwitsa kwambiri. Kale ndikamatuluka pa raundabauti m'mawa, mbuyo inkagwedezeka ndikangoponda moto. Panopa imangotsatira. Opanga matayala amati kukazizira kuposa madigiri 7 ndi pamene a chisanu amayamba kuposa anzawo, choncho ine ndimawaika kumayambiriro kwa November n'kuwachotsa chakumapeto kwa March kapena mu April.

Zofooka zake ndi za matayala a chisanu onse. Kukatentha chiwongolero chimamveka chofewa ndipo mphira umatha msanga, moti chaka china nditachedwa kuwachotsa mpaka May ndinaona kusiyana pa mano akumbuyo. Pa msewu waukulu pamamveka kamkokomo pang'ono, kosasokoneza wailesi. Mafuta sindinaone kusintha koti n'kudandaula nako. Anga si aja oyenda ngakhale ataphwa, ndipo galimotoyi ilibe sipeya, choncho m'buti mumakhala kapampu ndi mankhwala omatira pankichala, pamodzi ndi fosholo, bulangete, tochi ndi matumba awiri a mchenga amene ndimawamangirira pamwamba pa magudumu akumbuyo, nzeru ya amalume ija. Mpweya ndimayeza milungu iwiri iliyonse chifukwa umatsika kukazizira. A inshuwalansi ndinawaimbira kuwadziwitsa, sanandionjezere kalikonse, koma inu funsani anu.

Atsopano anali ndi mano pafupifupi mamilimita 8. Patatha nyengo zinayi, ndikusinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo chaka chilichonse, atsala pang'ono kufika pa 4. Lamulo la kuno limalola mpaka 1.6, koma tayala la chisanu likatsika pa 4 timing'alu tija timakhala tatha ndipo pa sinowo siligwiranso ngati kale. Poganizira kuti miyezi yonseyi matayala anga a nyengo yotentha amakhala akupuma mu shedi, ndalama yeniyeni imene ndinaonjezera ndi ya marimu.

Ndikuwapatsa nyenyezi 5 pa 5. Amene mumakhala pakati pa London kapena Birmingham ndipo sinowo akagwa mukhoza kukwera basi, matayala a nyengo zonse okhala ndi chizindikiro cha phiri chija angakukwanireni. Koma ngati muli kumpoto kuno, galimoto yanu ndi yokoka ndi kumbuyo, ndipo pali munthu amene amakudikirani m'mawa uliwonse, gulani anayi mwezi wa October usanathe, masaizi asanayambe kusowa. Ine ndaitanitsa kale ena anayi a mtundu womwewu, ndipo ndikawaika Loweruka loyamba la November.