Makirediti akuperewera: kuwonjezera module, UNISA kapena kosi yaifupi?

Nthawi yolembetsa ikafika, ana athu a ku mayunivesite a UJ ndi Wits ku Johannesburg amafunsa funso limodzimodzi, makamaka amene module (phunziro limodzi la mu digiri) ina inawagwetsa kapena amene akufuna kumaliza msanga chifukwa lendi ya ku Joni kuno siseka ndi munthu: makirediti operewera kuti digiri ikwane tiwapeze kuti? Njira zotchuka ndi zitatu, koma musanasankhe dziwani kaye mmene South Africa imawerengera.

Pa malamulo a SAQA, bungwe lolemba madigiri ndi masatifiketi ovomerezeka m'dziko muno, kirediti imodzi ndi maola 10 a ntchito ya wophunzira. Si a m'kalasi okha ayi, muli kuwerenga, kulemba ma assignment ndi mayeso omwe. Chaka chathunthu ndi makirediti 120, kapena kuti maola 1,200, ndipo digiri ya zaka zitatu ndi makirediti 360. Mukagawa maola 1,200 pa masabata ophunzira pafupifupi 30, mupeza maola 40 pa sabata, chimodzimodzi munthu wolembedwa ntchito. Umenewo ndi katundu wa aliyense, musanasenze china pamwamba. Ndipo musavutike kupempha aphunzitsi kuti akupatseni ntchito yapadera kuti module ilemere makirediti. Digiri iliyonse imavomerezedwa ndi CHE, bungwe loona za maphunziro apamwamba, n'kulembedwa ku SAQA, choncho mphunzitsi payekha sangaikulitse chifukwa cha inu.

Njira yoyamba ndiyo kutenga module yowonjezera pasukulu panu pomwepo. Ubwino wake ndi woonekeratu: makirediti ndi a nyumba yomweyo, palibe wodzakufunsani ngati akuwerengedwa. Pamafunika chilolezo cha faculty (nthambi ya yunivesite yoyang'anira digiri yanu), ndipo iwo amayang'ana kaye mmene munakhozera m'mbuyomu. Vuto lili pa maola. Module ya makirediti 12 ndi maola 120, ndiye kuti maola 8 pa sabata mu semesita ya masabata 15. Tsono wophunzira wa study visa amaloledwa kugwira ganyu maola 20 pa sabata, ndipo ambiri a ife popanda ganyuyo sitidya. Phatikizani: 40, 8 ndi 20 ndi maola 68. Simunawerengere kuima pamzere wa matakisi pa Bree madzulo, simunaphike, simunachape. Pamenepa mpamene mnyamata amafika mu laibulale ya UJ ku Kingsway atatuluka kuntchito, kutsegula buku, mutu n'kugwera patebulo tsamba loyamba lisanathe. Chimandiwawa n'chakuti module yowonjezerayo sigwa yokha, imakoka zinzake ziwiri, kenako kalata yoopseza kukuchotsani sukulu. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Yang'ananinso timetable: module ya chaka chatha ndi ya chaka chino zimatha kugwera ola limodzi.

Yachiwiri ndi UNISA, yunivesite yophunzirira uli kunyumba, komwe mungalembetse module payokha osati digiri yonse. Ma module ambiri kumeneko ndi a makirediti 12, ndipo maola ake ndi 120 omwe aja. Musaganize kuti kuphunzira uli kunyumba n'kopepuka. Kusiyana kwake n'kwakuti maolawo mumawayala nokha, Lamlungu masana kapena m'bandakucha, popanda kuthamangira kalasi ya Wits ku Braamfontein. Kwa wa ganyu, chimenechi n'chachikulu. Koma chonde abale anga, musalipire ngakhale randi imodzi musanatenge kalata ya faculty yanu yonena zinthu ziwiri: kuti akulolani kulembetsa malo awiri nthawi imodzi, ndi kuti module yakutiyakuti ya ku UNISA ilowa m'malo mwa yakutiyakuti ya pasukulu panu. Mawu apakamwa a munthu wa pa kauntala sadzakuthandizani tsiku lowerengera makirediti. Popeza study visa imatchula sukulu imene mukuphunzirapo, pitaninso ku ofesi ya ophunzira akunja akuuzeni ngati zikuloledwa. Funsaninso kuti zotsatira zikufunika pofika liti kuti dzina lanu lilowe pa graduation.

Yachitatu, kosi yaifupi, sinditayapo nthawi. Ndi yabwino pophunzira luso lofunira ntchito, koma zambiri sizipereka makirediti olowa mu digiri, ngakhale satifiketi yake ikhale ndi chizindikiro cha yunivesite. Ngati ndi koleji yoyima payokha, mwa zija zodzaza m'nyumba zosanja za m'tauni, onani kaye ngati ili pa mndandanda wa masukulu olembetsedwa ku DHET, unduna wa maphunziro apamwamba.

Ine ndikuona chonchi. Ngati simugwira ganyu, munakhoza bwino chaka chatha ndipo yatsala ndi module imodzi, iwonjezereni pasukulu panu pomwepo. Ngati mumagwira ntchito, UNISA yokhala ndi kalata m'manja ndiyo ikuposa. Ngati zatsala zitatu kapena zinayi, zonsezi zisiyeni, vomerani semesita ina yowonjezera. Ikupwetekani m'thumba ndithu, chifukwa NSFAS, thumba la boma lolipirira ophunzira, sithandiza a study visa ndipo fizi ndi ya inu ndi makolo, komanso mudzafunika kuwonjezera visa isanathe. Koma kulipira module kawiri chifukwa munaigwa n'kodula kuposa pamenepo. Amene simunayambe chaka choyamba, funsani za extended programme, imene imayala digiri ya zaka zitatu pa zaka zinayi. Imeneyo amalowa poyambirira, osati pakati.