Barbour, Harris Tweed kapena Harrington: jekete iti pa nyengo iti ku Britain?

Majekete atatu awa, ya phula ya Barbour, ya ubweya ya Harris Tweed ndi yaifupi ija yotchedwa Harrington, mitengo yake siisiyana kwenikweni. Yatsopano iliyonse konzekerani mapaundi 250 kapena kuposa apo. Ndiye amene ali ndi ndalama ya imodzi yokha amafunsa kuti yopambana ndi iti, ngati kuti zonse zimagwira ntchito imodzi. Ayi ndithu. Ya phula imatchinga mvula ndi mphepo koma payokha siifunditsa. Ya tweed imafunditsa koma mphepo imadutsa. Harrington ndi ya miyezi imene kunja kwafundako, ndipo amene amaivala mu Januwale akungozunzika chifukwa cha maonekedwe.

Chiyambi cha zonsezi ndi mtundu wa mvula ya kumeneko. Ku London kumagwa mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, yochepa kuposa ya ku Lilongwe, koma siibwera ya mkuntho n'kusiya. Ndi mvumbi wowaza pang'onopang'ono mwezi uliwonse, wofanana ndi chiperoni cha ku Thyolo chitakana kuchoka. Ku Glasgow mamilimita amapyola 1,000. Mu Januwale ku London masana kumafika madigiri 8, usiku n'kutsikira pa 2 kapena 3, pomwe m'nyumba, m'sitima ndi m'maofesi mwatenthetsedwa pafupifupi madigiri 20. Munthu amalowa ndi kutuluka m'nyengo ziwiri kangapo patsiku, n'chifukwa chake Angerezi amavala mosanjikiza: shati, juzi, kenako jekete. Jekete yabwino ndi imene imavomereza zamkatizo.

Ya phula ndiyo ili ndi nkhani yaitali. Kampani ya Barbour anaiyambitsa John Barbour mu 1894 ku South Shields, doko la kumpoto chakum'mawa kwa England, pogulitsa zovala zotchinga madzi kwa asodzi ndi ogwira ntchito padoko. Majekete ake awiri odziwika ndi Bedale ya 1980 ndi Beaufort ya 1983. Onse ndi a nsalu ya thonje yomwetsedwa phula lofewa, kolala ya corduroy (nsalu yofewa ya timizere totukuka), nsalu ya m'kati ya mizeremizere ya tartan, zipi yaikulu yotsegukira kumwamba ndi kumunsi, matumba awiri otakasuka kutsogolo ndi ena awiri a pachifuwa ofunditsira manja. Kusiyana kwake kuli apa. Bedale anaisokera okwera hatchi, choncho ndi yofupikirapo, yong'ambika pawiri kumbuyo, ndipo m'kati mwa mikono muli nsalu yoluka yogwira dzanja kuti mphepo isalowe. Beaufort ndi yotalikirapo ndi masentimita 6 mpaka 8 ndipo ili ndi thumba lalikulu kumsana, la zipi mbali zonse ziwiri, limene alenje ankaikamo mbalame; lero anthu amaikamo nyuzipepala, chipewa kapena magolovesi. Masentimita amenewo si ochepa. Mukavala Bedale pamwamba pa jekete ya suti kapena ya tweed, ya m'katiyo imasuzumira kumunsi, n'kumanyowa yokha. Beaufort imaibisa yonse. Amene amapita ku ofesi ndi suti asankhe Beaufort; wamfupi msinkhu kapena woyendetsa galimoto tsiku lonse, Bedale imukhalira bwino.

Zovuta zake nazo zidziwike musanalipire. Phula silitulutsa thukuta. Mukathamangira basi mphindi zisanu, kumsana kwa shati kumanyowa ngakhale mvula sinalowe. Kukazizira kwambiri nsaluyo imauma gwa ndipo imazizira ikakhudza thupi, choncho pansi pa madigiri 5 imafuna juzi yaubweya yochindikala kapena kavesiti kofunda kamene amagulitsa padera, komangirira ndi zipi m'kati. Chipewa chake cholumikiza ku jekete (hood) nachonso n'chogula padera, chomata ndi mabatani obisika kunsi kwa kolala. Yatsopano kapena yongopaka kumene imasiya mafuta pa mpando wagalimoto wa nsalu yowala, ndipo fungo lake ena salikonda.

Cholakwa chimene chimapha majekete ambiri a phula ndi kuchapa. Osaiika m'makina, osaiviika m'madzi otentha, osaipaka sopo, osaitengera ku dry cleaning. Zonsezi zimasungunula phula, lina n'kulowa m'nsalu ya m'kati, ndipo jeketeyo siibwereranso mwakale. Matope muwasiye aume, muwakolope ndi burashi yofewa, kenako mupukute ndi siponji ya madzi ozizira. Kamodzi pachaka imafuna phula latsopano, makamaka kumapeto kwa chilimwe chawo, mu Ogasiti kapena Seputembala. Chizindikiro chake n'choonekeratu: pamapewa, m'zigongono ndi m'makona a matumba mumayamba kutuwa. Pamene patuwapo madzi amalowa, ndipo mukapanyalanyaza ulusi umathetheka m'mizere yopindika n'kubooka. Kachitini ka mamililita 200 kamakwanira jekete imodzi. Mukaviike m'poto wa madzi otentha mphindi 20 mpaka phula lisanduke madzi, ndipo kakhale momwemo pamene mukugwira ntchito kuti lisaumenso. Yalani jekete patebulo m'chipinda chofunda, pakani ndi kansalu kachigawo kamodzi kamodzi, mukulimbikira m'misoko ndi motuwa muja, osakhudza kolala kapena m'kati. Lochuluka mulipukute, chifukwa phula lambiri limangomata fumbi. Pomaliza muiuzire ndi makina oumitsira tsitsi kuti lilowerere mofanana, n'kuipachika payokha usiku wonse, kutali ndi zovala zina. Amene alibe nthawi angathe kuitumiza ku Barbour komweko, kumene amapakanso phula ndi kusoka zigamba. Jekete yosamalidwa chonchi imatha zaka 20 ikuvalidwa, ndipo imakongola ikamakalamba.

Tweed ndi nkhani ina. Iyi ndi nsalu ya ubweya wa nkhosa, yokhakhala, yolemera. Pa mitundu yake yonse, Harris Tweed yokha ndiyo ili ndi lamulo la nyumba ya malamulo loiteteza, la 1993. Lamulolo likuti ubweya ukhale watsopano wosasakaniza, unyikidwe utoto ndi kupotedwa pa zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, ndipo nsalu iwombedwe pamanja ndi anthu a pazilumbapo m'makomo mwawo. Bungwe la Harris Tweed Authority la ku Stornoway ndilo limayendera nsalu n'kudindapo chizindikiro cha mpira wokhala ndi mtanda pamwamba. Ubweyawo amaunyika utoto usanapotedwe, n'kusakaniza mitundu ingapo mu ulusi umodzi. Mukaiyang'ana patali jekete imaoneka yakhofi. Mukaiyandikizitsa kumaso mumapeza tiubweya tobiriwira, tachikasu ndi tofiirira. Tweed yachinyengo ya poliyesita ilibe zimenezi, mtundu wake ndi umodzi wokha ndipo imanyezimira padzuwa.

Koma samalani: chizindikiro chija chikuchitira umboni nsalu, osati telala. Nsalu yeniyeni ya Harris ikhoza kusokedwa mwachisawawa. Tsinani chifuwa cha jekete pafupi ndi batani, kunja ndi m'kati, n'kukoka pang'ono. Mukamva nsalu yachitatu yoyenda payokha pakati, ndiye kuti anaisoka bwino. Ngati kunja kwake kukumveka kochindikala ndi kouma, anamatamo ndi guluu, ndipo ikadzanyowa kangapo kapena kusitidwa ndi simbi yotentha kwambiri idzatuluka matuza pachifuwa amene sachira. Onaninso nsalu ya m'kati. Ya poliyesita imatsekereza thukuta n'kuwononga ubwino wonse wa ubweya. Ya viscose ndiyo yabwino.

Ubweya umamwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanamveke kunyowa, choncho tweed imapirira mvumbi wa mphindi 15 kapena 20 osadandaula. Mvula ikalimba imalemera ndipo imanunkha nkhosa. Ikatero muipachike pa hang'ala yotakata mapewa, kutali ndi chotenthetsera m'nyumba, chifukwa kutentha kwadzidzidzi kumaifinya. Pakati pa madigiri 6 ndi 14 palibe yoiposa, koma pa pulatifomu ya sitima pamene mphepo ikuomba mumaimva ikudutsa m'maso a nsalu, ndipo kutsogolo n'kotsegula pachifuwa, ndiye sikafu siyosowa. Mu ofesi yotenthetsedwa mudzaivula pasanathe ola. Mwa zitatuzi, iyi yokha ndiyo mungalowe nayo m'tchalitchi, paukwati wa masana kapena pofunsira ntchito yosafuna suti. Imayenda ndi buluku la corduroy, la flannel lotuwa kapena jinzi yakuda bii yosang'ambika, ndi nsapato zachikopa zakhofi. Kuphatikiza tweed ndi buluku la suti losalala lonyezimira n'kulakwitsa, nsalu ziwirizo sizimvana. Woyamba kumene agule ya herringbone yotuwa kapena yakhofi, ya timizere tokhotakhota tija. Za mabokosi akuluakulu owala zimatopetsa msanga ndipo aliyense amakumbukira kuti munavala yomweyo dzulo.

Mdani wake ndi njenjete. Yogula yakale muikulunge m'pepala la pulasitiki, muiike mufiriji yowumitsa kwa masiku atatu, kuti mazira ndi mphutsi zife musanaisakanize ndi majuzi anu. Siichapidwa m'madzi. Burashi ndi kuipachika panja pamphepo zimakwanira, dry cleaning ikhale ya apo ndi apo.

Harrington ilibe zambiri zofotokoza, ndipo ubwino wake ndi umenewo. Yoyambirira ndi G9 ya kampani ya Baracuta ya ku Manchester, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, yosokera osewera gofu. Imalekeza m'chiuno, kolala yake ndi yoimirira ya mabatani awiri, m'chiuno ndi m'manja muli nsalu yoluka yotamuka, kumsana kuli chophimba chotsetsereka chotayira madontho, m'kati muli tartan yofiira ya fuko la Fraser. Nsalu yake ndi thonje losakaniza ndi poliyesita, yopepuka, yokana mvula yowaza chabe. Nyengo yake ndi Epulo mpaka Seputembala, madigiri 12 mpaka 18, pamwamba pa shati ya polo kapena juzi yopyapyala. Imachapika m'makina pa madigiri 30, chimene zinzake ziwirizi sizilola. Chimene chimayamba kutha ndi nsalu yoluka ija: mukazolowera kukwinya mikono mpaka m'zigongono imatamuka osabwerera, ndipo makina oumitsira zovala amaimaliza. Popeza ndi yaifupi, imafuna buluku lofika m'chiuno mwenimweni. Shati yolendewera kunsi kwake imachititsa munthu kuoneka ngati wabwereka jekete ya mng'ono wake. Wamimba angachite bwino ndi G4, mbale wake wopanda lamba woluka m'chiuno. Ndipo kunena chilungamo, pa zitatuzi iyi ndiyo imene zotengera zake zotchipa zimayandikira kwambiri yeniyeni, choncho mapaundi ambiri apite kwina.

Ena adzati nanga chijasi chachitali cha gabardine, nsalu imene Thomas Burberry anatulukira mu 1879, kapena duffle, chijasi chaubweya chochindikala cha kampani ya Gloverall chokhala ndi zomangira za timitengo? Choyambacho chimaposa Beaufort pamwamba pa suti koma mtengo wake ndi wa majekete atatu kapena kuposa. Duffle imafunditsa kuposa zonse zatchulidwazi, ndipo ku Aberdeen mu Febuluwale mudzailakalaka, koma ndi yolemera ndipo miyezi isanu ndi itatu ya chaka imangokhala m'kabati.

Kwa amene akukhala ku Britain ndipo ndalama ndi ya imodzi, yankho ndi Beaufort, yoyesedwa mutavala juzi yochindikala. Imagwira ntchito kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ndipo kufunda mumawonjezera kapena kuchepetsa ndi zamkati. Saizi za Barbour zakalezi n'zotakasuka kale, choncho wa chifuwa cha mainchesi 40 atenge 40, asakwere. Yachiwiri ikhale tweed, ndipo iyi musagule yatsopano musanazungulire mashopu a zachifundo ogulitsa zovala zakale kapena kuyang'ana pa misika ya pa intaneti ya eBay ndi Vinted, kumene za Harris zimapezeka pa kachigawo kochepa ka mtengo wake. Poyesa yang'anani mapewa poyamba, chifukwa telala angafupikitse mikono ndi masentimita 2 kapena 3 ndi kubweza m'chiuno, koma mapewa okula kapena othina ndi ntchito yodula kuposa jeketeyo.

Kwa ogula pa kaunjika ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Chipata, mndandandawu utembenuzeni. Harrington ndiyo yoyenera m'mawa ndi madzulo a Juni ndi Julayi pafupifupi paliponse. Tweed ili ndi malo ake ku Dedza, ku Mzuzu ndi ku Zomba m'miyezi yomweyo, bola ikhale yopepukirapo. Ya phula ikhale yomaliza. Mvula yathu imagwa kukutentha, ndiye m'jekete yosatulutsa thukuta mumanyowa ndi m'kati momwe, phula limafewa n'kumata fumbi, ndipo ikasungidwa m'chikwama nthawi ya dzinja imachita chuku chimene fungo lake silichoka. Zambiri zotuluka m'mabelo zimakhala zitatuwa kale, zina zitachapidwa ndi sopo kuti zioneke zoyera pa msika. Ipendeni padzuwa: mukaona kuwala kukudutsa m'mizere ya m'zigongono, ulusi watha, ndipo ngakhale mutaitanitsa kachitini ka phula kuchokera kunja sikadzatseka mabowowo.