PARES ndi Archivo General de Indias: n'zaulere, koma dziwani audiencia musanayambe kufufuza

Amene akufufuza za ma virrey, akuluakulu amene ankalamulira maiko a ku America m'malo mwa mfumu ya ku Spain, sangalambalale Archivo General de Indias ya ku Seville. Nyumba yosungira zolemba zakaleyi anaikhazikitsa Carlos III mu 1785, ndipo muli mitolo ya mapepala pafupifupi 43,000. Ku Seville sikofunika kuyambira. Boma la Spain linaika gawo lina la zolembazi pa intaneti kudzera pa PARES (Portal de Archivos Españoles), webusaiti ya nyumba zosungira zolemba zakale za ku Spain, ndipo mumawerenga ndi kutsitsa zithunzi za masamba osalipira kanthu.

Chimene chimagwetsa ulesi anthu ambiri pa tsiku loyamba n'chakuti zolemba sizinasanjidwe potsata dzina la virrey kapena dera lake lonse. Zinasanjidwa potsata audiencia, makhoti akulu amene ankatumiza makalata ku Consejo de Indias, bungwe lothandiza mfumu kuyang'anira maiko a kutsidya kwa nyanja. Makalata a ma virrey a New Spain, dera limene linayamba mu 1535 ndi Antonio de Mendoza, ali m'gawo la MEXICO. A ku Peru ali mu LIMA, a New Granada mu SANTA_FE, a Río de la Plata mu BUENOS_AIRES. Koma virrey mmodzi ankayang'anira audiencia zingapo. Za migodi ya siliva ya Potosí zambiri mudzazipeza mu CHARCAS, ngakhale kuti Potosí inali pansi pa Lima mpaka 1776 pamene inasamutsidwira ku Buenos Aires. Za Manila zili mu FILIPINAS ngakhale zilumbazo zinali pansi pa New Spain. New Granada nayo imasokoneza: inakhazikitsidwa mu 1717, n'kuthetsedwa mu 1723, n'kubwezeretsedwa mu 1739, choncho pa zaka zapakatizo musayembekezere makalata a virrey wa ku Santa Fe.

Bokosi lofufuzira ndi lofooka. Limangowerenga mafotokozedwe amene ogwira ntchito analemba, osati mawu a pa tsamba lenilenilo. Mtolo umene unafotokozedwa ndi mzere umodzi wokha ukhoza kukhala ndi masamba mazanamazana amene dzina limene mukufufuza silingawatulutse. Mayina nawo amabwerezana. Luis de Velasco alipo awiri, bambo ndi mwana, ndipo mwanayo analamulira New Spain kawiri, Peru kamodzi. Marqués de Cañete aliponso awiri ku Lima. Ikani malire a zaka nthawi zonse, ndipo yesani dzina la munthu komanso la ulemu wake. Chothandiza koposa ndi kulemba nambala ya mtolo momwe iwo amailembera, monga MEXICO,19, n'kutsegula zonse zili pansi pake chimodzichimodzi. N'zochedwa, inde, koma simuphonya kanthu.

Pa juicio de residencia, mlandu wofufuza ntchito ya virrey akamatula pansi udindo, musataye nthawi m'magawo a audiencia. Akale ali mu JUSTICIA, otsatira mu ESCRIBANIA, ndipo ena a kumapeto kwa zaka za m'ma 1700 ali ku Archivo Histórico Nacional ku Madrid. Ubwino wake, PARES imafufuza nyumba ziwirizi nthawi imodzi.

Zithunzi zambiri zimawerengeka, koma zojambulidwa kale n'zakuda ndi zoyera chabe, ndipo pamene inki inadutsa kuseri kwa pepala zilembo za mbali ziwiri zimasakanikirana. Kalembedwe ka alembi a milandu ka m'zaka za m'ma 1500, kotchedwa procesal, kamalumikiza mawu osadukiza. Kudziwa Chisipanishi chokha sikukwanira. Yambani ndi makalata a m'ma 1700, omwe ndi osavuta, kenako mubwerere m'mbuyo mpaka nthawi ya Francisco de Toledo, virrey wa ku Peru, 1569 mpaka 1581. Mapu a m'gawo la Mapas y Planos ndiye amaoneka bwino kwambiri.

Kumbukiraninso kuti ku Seville kuli zimene zinatumizidwa kwa mfumu, ndipo virrey polembera mfumu ankadzikometsera. Malamulo ake a tsiku ndi tsiku ndi madandaulo ambiri a eni nthaka anatsala ku Archivo General de la Nación ya ku Mexico City ndi ya ku Lima. Musanagule tikiti ya ku Seville, onani pa PARES ngati mtolo mukufunawo uli ndi zithunzi kale.