Peter Ndlovu kapena Benjani: mkangano wa pa bawo ku Mbare

Madzulo a Loweruka tikakhala pa bawo kufupi ndi bwalo la Rufaro ku Harare, nkhani ya osewera mpira awiriwa a ku Zimbabwe siichedwa kubuka. Achimwene ena amaiwala kuti ndi nthawi yawo yotakata, njombwa zili m'manja, akuteteza Benjani.

Ndimawamvetsa. Benjani Mwaruwari ndi mwana wathu, makolo ake ndi ochokera ku Malawi. Anadzera ku Jomo Cosmos ndi Auxerre asanafike ku Portsmouth mu 2006. Tsiku lomwe Portsmouth inagonjetsa Reading 7-4 mu 2007, iye anamwetsa zigoli zitatu. Chaka chotsatira, pamasewero ake oyamba ku Manchester City, anagoletsa ku Old Trafford, City n'kupambana 2-1. Anali wamphamvu, wosatopa kuthamangitsa otseka kumbuyo.

Komabe ine mtima uli kwa Peter. Anachoka ku Highlanders kupita ku Coventry City mu 1991 adakali kamnyamata, nthawi imene osewera a ku Africa anali owerengeka ku England. Mu 1995 anamwetsa Liverpool zigoli zitatu pakwawo pa Anfield. Mpira ukakhala kuphazi kwake, wotchinga ankangoona fumbi.

Pamene amasiyana kwambiri ndi pa jezi ya dziko. Palibe amene wagoletsera Warriors, timu ya dziko la Zimbabwe, zigoli zambiri kuposa Peter, ndipo ndiye anali kaputeni pamene Zimbabwe inapita koyamba ku Africa Cup of Nations ku Tunisia mu 2004. Benjani anasewera ya 2006 ku Egypt, koma mbiri yake yaikulu anaipanga ku makalabu.

Ndikanena zimenezi, achimwene aja amangopukusa mutu: "Inu simunaone chigoli cha ku Old Trafford chija."