Matebulo akale a pinball pa kompyuta: FarSight, Zen kapena Visual Pinball?

Kampani ya Williams itasiya kupanga makina a pinball (masewera omenya kampira kachitsulo pa tebulo lopendekeka pofuna kupeza mapointi) mu 1999, matebulo ake okondedwa monga Medieval Madness ya 1997 ndi Attack from Mars ya 1995, yomwe inatuluka ndi dzina la Bally, anayamba kusowa pang'onopang'ono, ndipo amene atsala amagulidwa pamtengo wokwera. Ambiri a ife timawapeza pa kompyuta basi, ndipo njira zikuluzikulu zowapezera zilipo zitatu.

Tisanaziyerekeze, ndi bwino kudziwa kuti kusamutsa tebulo kuli ndi mbali ziwiri. Malamulo a masewera, mawu ndi zolembedwa pa sikirini zimakhala m'pulogalamu ya makinawo yotchedwa ROM, ndipo njira zonse zitatu zimatha kuyendetsa pulogalamu yeniyeniyo. Kayendedwe ka kampira kachitsulo ndiye sikangasamutsidwe motero. Wopanga aliyense amakakonza yekha, ndipo kusiyana kwenikweni kwagona pamenepa.

The Pinball Arcade ya FarSight Studios, yomwe inatuluka mu 2012, inasonkhanitsa matebulo a Williams, Bally, Gottlieb ndi Stern pamalo amodzi. Akatswiri ake ankagula makina enieni, kuwaphwasula ndi kujambula chiwalo chilichonse, ndipo pamene laisensi inali yodula, monga ya matebulo a Twilight Zone ndi The Addams Family, ankasonkhetsa ndalama kwa osewera kudzera pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama. Kwa ine, kampira kawo ndi kofatsa mopitirira muyeso, chifukwa kakachoka m'bowo kamagwera pamalo omwewo nthawi zambiri, moti munthu amapeza mapointi amene pa makina enieni sakanawalota n'komwe. Vuto lalikulu ndi lakuti laisensi ya Williams ndi Bally inatha mu June 2018, choncho amene anagula matebulowo kale akadali nawo, koma wofika lero sangawagulenso.

Laisensiyo inapita kwa Zen Studios ya ku Budapest, yomwe chaka chomwecho inaika matebulo a Fish Tales, Junk Yard, The Getaway ndi Medieval Madness m'masewera ake a Pinball FX3, kenako n'kupitiriza ntchitoyo mu Pinball FX yatsopano. Pano kampira kamalemera bwino, kamadumpha pa mphira mosayembekezereka, ndipo wosewera wodziwa kukagwira pa flipper (kandodo komenyera kampira) asanamenye amapindula chifukwa cha luso lake. Zen imawonjezera zidole zoyenda ndi kuwala komwe makina oyambirira analibe, koma batani limodzi limazichotsa zonsezo, ndipo ine ndimazichotsa ndithu. Chimene chinakwiyitsa ena n'chakuti mu FX3 ya pa makina a masewera a pa TV, zithunzi ndi mawu ena anasinthidwa pofuna kuti masewerawo akhale oyenera ana.

Visual Pinball ndi ya mtundu wina. Inayambitsidwa ndi Randy Davis mu 2000, ndi yaulere, ndipo matebulo ake amamangidwa ndi anthu ongodzipereka, pomwe ROM imayendetsedwa ndi pulogalamu ina yotchedwa PinMAME. Mphamvu yake imaonekera kwambiri pa matebulo a zaka za m'ma 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, omwe analibe ROM konse popeza ankayenda ndi ma relay (timaswitchi ta magetsi), mawaya ndi timabelu. Malamulo awo amayenera kulembedwanso ndi manja, ntchito imene makampani ogulitsa saikonda kwenikweni. Tebulo lomangidwa mwaluso mu Visual Pinball X, mtundu watsopano wa pulogalamuyi, limafanana ndi makina enieni kuposa zonse zimene ndayesapo, koma lomangidwa mwaulesi limakhumudwitsa, ndipo palibe amene angakutsimikizireni musanaliyese. Kukonza Visual Pinball kuti iyambe kugwira ntchito kumadya nthawi, ndiponso ma ROM ali ndi eni ake mwalamulo, nkhani imene wosewera aliyense ayenera kuiganizira yekha.

Wokonda makina a ku Italy a kampani ya Zaccaria angayang'ane Zaccaria Pinball ya Magic Pixel, koma asayembekezere kupezamo Williams.

Wofuna kusewera The Addams Family madzulo ano popanda kulimbana ndi mafayilo agule ya Zen. The Pinball Arcade ndimaitsegula chifukwa cha matebulo a Gottlieb okha, ndipo Visual Pinball ndimaisungira tsiku limene ndili ndi maola angapo ndiponso chilakolako chomva timabelu ta tebulo la 1970.