Mafuta a ndege: kuyeza ndi maso kapena ndi makina?

Kuno ku Salima timalira ndi dzuwa la mu Okutobala, koma mafuta a ndege otchedwa Jet A-1 amawayesa pa madigiri 260. Pa mayeso otchedwa JFTOT, oona ngati mafuta angapirire kutentha, mafutawo amayenda pa kachubu kotentha ka aluminiyamu kwa maola awiri ndi theka, kenaka amaona litsiro lomwe lakakamirapo.

Njira yakale ndi ya maso: katswiri amafananitsa mtundu wa litsirolo ndi tchati, likafika pa nambala 3 mafutawo alephera. Ndi yosaboola m'thumba, koma akatswiri awiri angakangane pa kachubu kamodzi ngati otsatsana chambo ku Senga Bay.

Makina a ellipsometer amayeza kuchindikala kwa litsirolo ndi kuwala. Lisapitirire mananomita 85 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi). Ndi odula, eya, koma ine ndingadalire omwewa, poti litsiro lotereli limatseka timabowo tothira mafuta mu injini.