Sienta yanga, miyezi 10 chisinthireni gasiketi ya hedi

Galimoto yanga ya Toyota Sienta ndi ya 2008, ya injini ya 1NZ-FE ya malita 1.5, ndipo njira yake ya sabata ndi sabata ndi ya Blantyre kupita ku Nchalo. Mu Okutobala chaka chatha, nditangodutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mapiri, kanyali kofiira ka kutentha kanayaka. Pamene ndimapeza poima, nthunzi inali ikufuka kale mu boneti.

Zizindikiro zinalipo kwa milungu ingapo, ine ndinkangozipeputsa. Madzi ankachepa m'kabotolo ka rediyeta koma pansi posaoneka dontho. M'mawa injini inkanjenjemera kaye isanakhazikike, ku ekizozi kukutuluka utsi woyera. Tsiku lowiralo, kugalaja atatsegula chivundikiro cha oyilo, kunsi kwake kunali phala loyera ngati chambiko. Madzi anali atasakanikirana ndi oyilo, chifukwa gasiketi ya hedi, yomwe imatseka pakati pa mutu wa injini (hedi) ndi thunthu lake, inali itaonongeka.

Hedi ya injini imeneyi ndi ya aluminiyamu, ndipo ikatentha mopyola imapindika. Choncho anakaiyeza ngati yang'ambika, anaisikima (kuipala kuti iwongoke), n'kuika gasiketi yatsopano. Koma chimene ndimawathokozera makanikowo mpaka lero n'choti sanalekere pamenepo. Anandiitana n'kundionetsa malo a thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, ali pululu. "Achimwene, ameneyu anachotsa ndani?" Anachotsa ndi makaniko wina kale, ponena kuti kuno kulibe chisanu ngati ku Japan, ndipo ine ndinavomera. Anandionetsanso kapu ya rediyeta, labala wake atauma n'kung'ambika, komanso timapaipi ta rediyeta titatsekeka ndi zoyera zija zimamatirira m'ketulo. Zaka ziwiri ndinkathira madzi a pampopi, nthawi zina a pamjigo.

Gasiketi inangofera za eni. Kapu yabwino imasunga mphamvu ya mpweya pafupifupi 1.1 bar, ndipo n'chifukwa chake madzi a mu injini sawira ngakhale atadutsa madigiri 100. Kapu ikatha, madzi amawira msanga n'kuthawa pang'onopang'ono. Thermostat ya injiniyi imatseguka cha m'ma digiri 82, ntchito yake n'kusunga injini pa kutentha koyenera. Ndipo kulanti, madzi apadera oziziritsa injini, si madzi opaka mtundu chabe, muli mankhwala oteteza kuti zitsulo zisadyeke mkati. Tinasintha rediyeta, kapu ndi thermostat, n'kutsuka njira zonse, kenako kuthira kulanti wa pinki wosakaniza kale, yemwe sathiridwanso madzi. Ndalama zinandipweteka, makamaka za kulantiyo, chifukwa ndinali nditazolowera zaulere.

Tsopano papita miyezi 10. Kutentha kwa Novembala ku Chigwa cha Shire yakudutsa, mapiri omwe aja ndimakwera nditanyamula matumba ndi anthu, kanyali kofiira sikanayakenso. Mlingo wa kulanti unatsika pang'ono sabata yoyamba, mpweya ukutuluka m'mapaipi, ndinawonjezera kamodzi, ndipo chiyambire uli pamzere womwewo. Oyilo ndasintha kawiri, akutuluka wakuda bwinobwino, wopanda chambiko. Mu Juni hita inagwira ntchito m'mamawa kwa nthawi yoyamba chigulireni galimotoyi, komanso ndikuona kuti mafuta sakutha msanga ngati kale, poti injini sikuchedwanso kutentha.

Si zonse zinayenda bwino. M'mwezi wachinayi ndinayamba kumva fungo la oyilo wopserera ndikaima pa roboti, kenako injini inayamba kudukiza pokwera. Titazula makoyilo, omwe amapereka moto ku mapulagi, pulagi yachiwiri inali itamira mu oyilo. Vuto linali gasiketi ya tapeti kava, ya labala ija ya pa chivundikiro cha pamwamba pa injini. Pomanga anabwezera yakale n'kuipaka silikoni, mwina pofuna kundipulumutsira ndalama. Zinandiwawa, chifukwa gasiketi imeneyi ndi yotchipa kwambiri poyerekeza ndi ntchito yonse ija, ndipo kava inali kale yomasula. Makanikowo sanakane, anaika yatsopano osandilipiritsa ntchito, ine n'kugula koyilo imodzi yomwe inaonongeka. Wina akamatsegulitsa hedi, agule seti yonse ya magasiketi ndipo akhale pomwepo poimanga.

Chimene ndikuchiyang'anira pano ndi pampu ya madzi. Sitinaisinthe nthawi ija, ndipo mwezi watha ndinaona tizinthu ta pinki touma pansi pake, kuseri kwa lamba. Sikudontha moti n'kutsitsa mlingo, koma ndi mmene pampu imayambira kutha. Ubwino wa kulanti wa mtundu ndi umenewu, amasiya chizindikiro pomwe watulukira, pamene madzi a pampopi ankangouma osasiya kanthu. Pampu yatsopano ndagula kale, ili m'buti, ndipo tapangana ndi makaniko kuti tiiike Loweruka, dzuwa la Okutobala lisanafike.